Ngalande ya Kra: ili pa mapu, koma pansi palibe

Bambo wina wanditumizira imelo. Akuti waona mapu akale a dziko la Siam, lomwe lero ndi Thailand, ndipo pamene dzikolo lawonda kwambiri pali mzere wochoka kunyanja ina kukafika inzake, wolembedwa kuti ndi ngalande. Funso lawo ndi lakuti: kodi ngalandeyi ilipo? Ngati kulibe, anaijambuliranji?

Bambo, ngalandeyo kulibe, ndipo sinakumbidwepo. Malo mwaonawo ndi Kra, khosi la mtunda wautali umene umatsetsereka kuchoka ku Thailand mpaka ku Malaysia. Pamene pawonda zedi pali makilomita 44 okha, kuchoka pamathiriro a mtsinje wa Pakchan kumadzulo kufika kugombe la kufupi ndi Chumphon kum'mawa. Sitima yochoka ku India kupita ku China imazungulira mtunda wonsewo, kudzera mu mpata wa Malacca ndi ku Singapore. Pakanakhala ngalande, ulendowo ukanafupika ndi makilomita pafupifupi 1,200.

Ganizoli ndi lakale. Mu 1677 Mfumu Narai ya ku Siam inatuma mmisiri wa ku France, de Lamar, kuti akaone ngati zingatheke, ndipo yankho linali lakuti ndi zida za nthawiyo sizingatheke. Koma mapu akale ambiri amene amapezeka lero ndi a zaka za m'ma 1800. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860, asilikali awiri a Britain, Fraser ndi Forlong, anayenda njira ya Pakchan nayeza malo. Ngalande ya Suez ku Egypt itatsegulidwa mu 1869, Afalansa anatenga mtima, moti mu 1883 gulu lawo linakayezanso. Pagululo panali A. J. Loftus, Mngelezi amene ankagwirira ntchito boma la Siam, ndipo iye sanabise kuti ntchitoyo ndi yosatheka.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi: mapu otere sanajambulidwe kuti asonyeze zimene zilipo. Anajambulidwa kuti akope mafumu ndi eni ndalama. Ali ngati dengu la tomato pamsika, okongola amakhala pamwamba. Mukayang'ana mapu monga mbalame imaonera dziko, makilomita 44 ndi kamzere chabe. Chimene sichioneka ndi msana wa mapiri umene wayenda pakati pa mtundawo. Ngakhale pampata potsika, nthaka yakwera mamita pafupifupi 75 kuchokera pamene pali nyanja, ndipo pansi pake ndi miyala. Ku Suez kunali chidikha cha mchenga ndi nyanja zing'onozing'ono. Ku Kra kunafunika kung'amba phiri. N'chifukwa chake ine ndimalemekeza kwambiri mapu amene m'munsi mwake muli chojambula chosonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka. Wojambula amene anachiika ankanena zoona, ngakhale zoonazo zinkamuwonongera malonda.

Miyala si yokha imene inaletsa. Britain inali ndi doko la Singapore kuyambira 1819, ndipo sinkafuna kuti sitima zipeze njira yolilambalala, makamaka njira yokumbidwa ndi Afalansa. Mu 1897 inapangana mwachinsinsi ndi Siam kuti kumwera kwa dzikolo kusaperekedwe chilolezo cha ntchito ngati imeneyi kwa dziko lina popanda Britain kuvomereza. Pangano la mtendere la Britain ndi Siam la pa 1 January 1946 linachita kutchula ngalandeyo, kuti isakumbidwe Britain isanalole.

Choncho mapu anuwo muwafunse mafunso: anasindikizidwa chaka chiti, kuti, ndipo m'chinenero chanji? Ngati ndi a Chifalansa, a zaka za m'ma 1880, n'kutheka kuti akuchokera kwa amene ankafuna ntchitoyo. Onaninso pamene mzerewo wadutsa. Wa Pakchan ndi Chumphon ndiye wa nthawi ya Loftus. Ukakhala kumwera kwambiri, pakati pa Satun ndi Songkhla, ungakhale wa kafukufuku wa 1973, amene anaganizirapo ngakhale zophwanya miyala ndi mabomba a nyukiliya. Amenewo si mapu akale kwenikweni, ndipo wogulitsa asakutchulireni mtengo wa mapu a zaka za m'ma 1800.