Mwendo wina masitichi 60, wina 57: musathamangire kumasula

Achemwali, mwati mukuluka kathalauzi ka mwana wa miyezi itatu, mwendo uliwonse pawokha. Munayamba ndi masitichi 40 kumapazi, koma pofika pamphanda mwendo woyamba uli ndi 60 monga ikunenera patani, wachiwiri uli ndi 57, ndiye mukufunsa ngati mumasule wonse. Musamasule kaye. Komanso musangowonjezera atatuwo pamzere umodzi kuti nambala ikwane. Yambani mwapeza pamene anasowera, chifukwa kakonzedwe kake kadalira pamenepo.

Nambala ya 57 yomweyo ikutiuza kanthu. Kuchoka pa 40 kufika pa 60 mumawonjezera awiriawiri, imodzi koyambirira kwa mzere ina kothera, maulendo 10. Ndiye nambala imayenda 42, 44, 46, mpaka 60. Mukanangoiwala mzere wowonjezera, bwenzi muli ndi 58 kapena 56. Kupezeka ndi 57 ndiye kuti penapake munawonjezera mbali imodzi yokha, kapena sitichi inagwa, kapena singano inalowa m'masitichi awiri nthawi imodzi inu osaona. Zitha kukhalanso ziwiri mwa zimenezi pamodzi.

Yalani mwendowo patebulo masana, panja pali kuwala. Wulu wakuda usiku amanamiza maso, makamaka magetsi akazima. Werengani malo owonjezera m'mphepete mwa kumanja, kenako mwa kumanzere, mukubaya kapini paliponse. Mbali iliyonse pakhale 10. Mukapeza 10 ndi 7, kapena 9 ndi 8, vuto ndi kuiwala basi. Mukapeza 9 ndi 9, awiri mwawapeza, wachitatuyo ali m'kati mwa nsalu. Itambasuleni pang'ono ndi manja, muyang'ane kalupu kolendewera komwe pamwamba pake pali timizere ta wulu topingasa ngati makwerero. Mukakaona kabayeni sefiti pini pomwepo kasanatsike.

Sitichi yogwa mumaikweza ndi kasingano kangowe koonda kuposa singano zanu. Lukani mpaka mufike pamwamba pake, mbali yabwino ya nsalu ikuyang'ana kwa inu. Lowetsani ngowe m'kalupu kuchokera kutsogolo, kolani kamzere kopingasa kam'munsi kwambiri, kakokereni m'kalupumo, kenako kotsatira, osadumpha ngakhale kamodzi, mpaka muikoleke pasingano yakumanzere. Zimayenda bwino ngati inagwa mizere inayi kapena isanu yapitayo. Ikapitirira pamenepo, masitichi oyandikana amakhala atatsekana, wulu wotsala palibe, ndipo mukakakamiza pamatuluka mzere wothina wooneka ngati msoko. Zikatero isiyeni pomwepo: ikankhireni kumbuyo, pisanimo kachingwe ka wulu yemweyo, mukasokerere bwinobwino m'masitichi a pambali, kenako muwonjezere sitichi ina pamzere umene mulipo. Kalupu musakasiye kolendewera m'katimo, tizala ta kumapazi ta mwana timakola.

Ngati kunali kuiwala chabe, yezani kaye kukula kwa vutolo. Ndi wulu wa double knitting, uja wonenepa mwapakatikati, ndi singano za 4mm, zija zakale zolembedwa nambala 8, masitichi 22 amapanga masentimita 10. Sitichi imodzi sifika ndi theka la sentimita. Kusowa imodzi kapena awiri palibe angaone, mwana atavala thewera. Atatu ndi sentimita imodzi ndi kanthu, zomwenso sizambiri, koma akasowa onse mbali imodzi msoko wa m'kati mwa mwendo umapotoka ndipo mphanda sizikumana bwino posoka. Apa masulani mizere isanu ndi umodzi yokha, muwonjezere sitichi imodzi pa mzere wachiwiri uliwonse kumbali yoperewerayo. Powonjezera nyamulani kachingwe ka pakati pa masitichi awiri, mukaluke cha kumbuyo kwake kuti kapotoke. Mukakaluka kutsogolo pamatsala bowo. Chitani zimenezi mutadutsa sitichi imodzi kuchoka m'mphepete, kuti posoka muzakhale ndi pogwira.

Chimene sindingakulangizeni ndi kuchenjerera pamphanda, kuti poti patani ikuti mutseke atatu mbali iliyonse, inu mutseke ochepa kuti nambala ya m'chiuno ifanane. Nambala ifananadi, koma mpata wa thewera ndi umenewo mwauchepetsa, ndipo kathalauzi kazikoka mbali imodzi.

Pomasula musangosolola singano n'kuyamba kukoka. Tengani singano yoonda, ya 3.25mm imene munalukira ribu ija (mphepete yotamuka ya mizeremizere), muilowetse m'sitichi iliyonse ya mzere umene mukufuna kuimira, mukutola mbali yakumanja ya ka V kalikonse. Mukatero kokani wulu, ukafika pasinganopo uima wokha. Wulu womasula ku juzi ya pakaunjika ndiye mumasule pang'onopang'ono, amagawanika msanga, ndipo singano ikalowa pakati pa tizingwe take mumapezeka mwapanga masitichi awiri pa imodzi.

Kumeneko ndiye kumachokeranso vuto la ena amene masitichi awo amachuluka m'malo mochepa. Kwina ndi pa sitichi yoyamba ya mzere: wulu akadutsa pamwamba pa singano kupita kumbuyo, sitichiyo imatembenuka n'kuoneka ngati awiri, munthu n'kuluka onse. Pa ribu nako, posintha puleni (sitichi yosalala ya ka V) ndi pelo (yooneka ngati kamfundo), wulu azidutsa pakati pa singano ziwirizo. Akakwera pamwamba ndiye sitichi yachilendo ndi kabowo pansi pake. Yoteroyo mukaiona pamzere wotsatira ingoigwetsani, yakale muluke awiri pamodzi pafupi ndi msoko.

Musanalumikize miyendo, werenganinso mizere, osati masitichi okha. Tepi imanama chifukwa nsalu yoluka imatamuka. Mukatseka atatuatatu mwendo uliwonse utsale ndi 54, yonse pamodzi 108, omwe ndi masentimita pafupifupi 49 kuzungulira. Nambala imeneyi ribu ya m'chiuno ikwana bwino, kaya ya umodziumodzi kaya ya awiriawiri. Kuyambira pano mangani kachingwe ka mtundu wina pasingano pakatha masitichi 10 aliwonse, muziwerenga mukamaliza mzere uliwonse wowonjezera. Ntchito yotsalayi ndi ya madzulo awiri kapena atatu, mwana avala chiperoni chisanayambe.