Za Flash ndi Dreamweaver zija musatayirepo ndalama

Achimwene a ku Mpondasi, mwafunsa ngati mulipire maphunziro a Flash ndi Dreamweaver omwe wina wakulonjezani, poti mukufuna kudziwa kupanga makatuni ndi mawebusayiti, ndipo laputopu yanu ndi yakale, ya RAM 4GB. Ine ndikuti ndalamazo sungani. Amene akukuphunzitsaniyo mwina ndi katswiri ndithu, koma akukupatsani zida zomwe msika unasiya kale.

Flash, pulogalamu yojambulira makatuni a pa intaneti, inatchuka nthawi yake, zimenezo palibe angakane. Inayamba mu 1996 ndi dzina loti FutureSplash Animator, kampani ya Macromedia n'kuigula chaka chomwecho n'kuitcha Flash. Anthu anaikonda chifukwa mafayilo ake anali opepuka, moti katuni inkatseguka ngakhale pa intaneti yochedwa ya masiku amenewo. Masewera, zotsatsa malonda, ngakhale YouTube poyamba, zonse zinkadalira Flash Player, kapulogalamu koonetsera mafayilo a Flash. Adobe inagula Macromedia mu 2005. Mavuto anayamba ndi mafoni. iPhone itatuluka mu 2007 sinkalola Flash, ndipo mu 2010 Steve Jobs, mkulu wa kampani ya Apple yopanga iPhone, analemba kalata poyera kunena kuti imamaliza batire, ili ndi mavuto a chitetezo, komanso sinapangidwire mafoni odina ndi chala. HTML5, njira yatsopano yolembera mawebusayiti, itayamba kuonetsa mavidiyo payokha, Flash inasowa pogwira. Adobe inalengeza mu 2017 kuti Flash Player idzatha kumapeto kwa 2020, ndipo kuyambira Januwale 2021 inatsekedwa. Pulogalamu yojambulira ija anaisintha dzina mu 2016 kukhala Adobe Animate, koma mapulogalamu ambiri a Adobe masiku ano ndi olipira mwezi ndi mwezi, m'madola. Nanga inu madolawo muziwapeza kuti, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja? Musanamizidwenso ndi za crack (mapulogalamu obedwa) zoyenda pa flash disk, zambiri zimabwera ndi mavairasi.

Dreamweaver, pulogalamu yopangira mawebusayiti ya mu 1997, idakalipo koma ndi ochepa akuigwiritsabe ntchito. Anzake anapita kale: FrontPage ya Microsoft inatha mu 2006, Fireworks anasiya kuikonza mu 2013, Muse mu 2018.  Ambiri a iwo anapangidwa nthawi imene aliyense ankaona webusayiti pa kompyuta, ndipo kusintha chilichonse kunkafuna kuitana amene anaipanga. Lero mwini loji ku Cape Maclear kapena ku Nkopola amafuna webusayiti yotseguka bwino pa foni, yoti azisintha yekha mitengo ya zipinda, yokhala ndi podina kuti mlendo amupeze pa WhatsApp. WordPress, pulogalamu yopangira mawebusayiti yomwe inayamba mu 2003 ndipo ndi yaulere, imachita zonsezi, ndipo mawebusayiti oposa 40 pa 100 alionse padziko ali pa iyoyo. Phunzirani imeneyo, koma pansi pake mudziwe HTML ndi CSS, zilankhulo zolembera mawebusayiti, kulemba nokha mu pulogalamu ya Visual Studio Code. HTML ndi CSS zakhalapo kuyambira zaka za m'ma 1990, mapulogalamu onse aja akubadwa ndi kufa.

Tsopano za makatuni, zomwe ndikuona kuti ndi kumene kuli mtima wanu. Pa makina anuwo yambani ndi Pencil2D. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo ilibe zambiri zokusokonezani: mumajambula chithunzi, mumaona cham'mbuyocho chili mbuu pansi pake, n'kujambula chotsatira. Mukazolowera, samukirani ku Krita, yaulerenso, yomwe ili ndi maburashi abwino. OpenToonz iliponso, yochokera ku pulogalamu imene Studio Ghibli ya ku Japan yakhala ikugwiritsa ntchito, koma kwa woyamba kumene ndi yozunguza mutu. Blender ndiye kofikira. Inayambidwa ndi Ton Roosendaal ku Netherlands, yakhala yaulere kuyambira 2002, ndipo kuyambira 2019 ili ndi Grease Pencil yamphamvu yojambulira 2D mkati mwa 3D. Koma yatsopano imafuna RAM yosachepera 8GB, ndiye ndalama za maphunziro zija mugulire RAM yowonjezera ngati laputopuyo ikulola, zotsalazo kathabuleti kojambulira. Kujambula ndi mausi kuli ngati kupalasa bwato ndi chipande.

Chomwe chingakudyetseni si kudziwa podina. Ndi kudziwa mmene zinthu zimayendera. Filimu imakhala ndi zithunzi 24 pa sekondi, koma ojambula pamanja ambiri amajambula 12, chilichonse n'kuchionetsa kawiri. Ndiye kuti katuni ya masekondi 10 ndi zithunzi 120, muzidziwiratu musanalonjeze kasitomala mphindi zisanu. Yambani ndi mpira wodumphadumpha: ufulumire potsika, uphwanyike pang'ono pogunda pansi, uchedwe ukafika pamwamba. Zikatheka zimenezo, jambulani munthu woyenda. Apa musamangotengera a pa YouTube. Kakhaleni pa mlatho wa Bakili Muluzi madzulo ndi kope ndi pensulo, muone mmene mayi wosenza dengu la usipa amaumitsira khosi chiuno chikugwedezeka, kapena mmene wakabaza amaimirira pa mapedulo pokwera. Zimenezo palibe pulogalamu ingakuchitireni, ndipo mudzapita nazo ku pulogalamu iliyonse ikubwerayo.

Mwina wina anena kuti AI (nzeru zopangidwa za makompyuta) ikupanga kale mavidiyo, bwanji kuvutika. Ikupangadi, koma ipempheni msodzi wa ku Makawa akukoka khoka uku akuyankhula Chiyao, muone zomwe ikupatseni. Apa m'pamene ndikuona mpata wanu. Kuno nkhani za likodzo, kolera ndi usodzi wosamala nsomba zimafuna mauthenga omveka, ndipo katuni yaifupi ya Chiyao ndi Chichewa yoyenda pa WhatsApp ingafike kumene poster safika. Pangani zitatu za masekondi 30, mawu omveka bwino, musunge ngati MP4 yopepuka, ndiye muzionetsa kwa a mabungwe ndi a maloji.

Kutentha kwathu kuno mu Okutobala kumazimitsa laputopu ili mkati mwa ntchito, choncho musamaiike pa matiresi, muziikweza pa timatabwa kuti mpweya uzidutsa pansi. Autosave, yomwe imasunga ntchito yokha, ikhale yoyatsa, chifukwa magetsi sachenjeza. Mavidiyo ophunzirira muzitsitsiratu pamene bandulo ili yotchipa, muzionera opanda intaneti. Mpira uja mukaumaliza tumizani muno tiuone.