Akufuna ndikhale wapampando wa gulu la amayi, ndivomere?

Agogo, ndine mayi wa ana atatu, wotsiriza akadali kubere. Chaka chatha ndidalowa gulu la amayi lomwe limalimbikitsa kusunga banja, kupembedza, komanso kuti makolo azikhala ndi mawu pa zimene ana akuphunzira kusukulu. Ntchito yake ndi yongodzipereka, palibe malipiro. Tsopano anzanga akuti ndikhale wapampando wa nthambi yathu. Bambo akunyumba sanakane, koma nkhope yagwa. Nditani?

Mdzukulu wanga, za nkhope yakugwayo tibwererako. Yamba wafunsa kuti mpandowo unali wa yani, ndipo mwini wake akuusiyiranji. M'magulu ongodzipereka, kawirikawiri mpando umagwera munthu amene sadziwa kunena kuti ayi, ndipo anzake amamuombera m'manja chifukwa apulumuka okha. Safunsa adadya phula. Pita kwa mayi amene akutula udindoyo, mukhale pansi, akuonetse foni yake. Uwerenge wekha mauthenga a tsiku limodzi. Akuuze misonkhano ya pamwezi, ndalama zimene zimachoka m'thumba mwake osabwezedwa, ndi anthu amene adasiya kumupatsa moni chifukwa cha mpandowo.

Gulu silikhala ndi mpando umodzi. Pali mlembi, msungichuma, wolandira mamembala atsopano, wolemba zolengeza pa intaneti, ndi wina amene ntchito yake ndi kukakhala phee pamisonkhano ya bodi ya sukulu n'kumalemba zonse. Ine ndikadakhala iwe, ndi khanda kumsana, ndikadapempha ulembi chaka chimodzi. Mlembi ndiye amadziwa malamulo a gulu, amadziwa amene amalonjeza osachita, amadziwanso kumene ndalama zimalowera. Anthu amaunyoza udindowu chifukwa suima kutsogolo pachithunzi.

Taona za ku America. Gulu la amayi la Moms for Liberty, lolimbikitsa kuti makolo azikhala ndi mawu m'sukulu, lidayamba ku Florida mu Januwale 2021, nthawi ya mikangano yovala mamasiki m'sukulu. Awiri mwa oliyambitsa, Tina Descovich ndi Tiffany Justice, adali atakhalapo kale m'mabodi oyendetsa sukulu. Ankadziwa mmene nkhani imalowera pamndandanda wa zokambirana, ankadziwanso kuti kholo limapatsidwa nthawi yochepa yolankhula, nthawi zambiri mphindi zitatu zokha. Kaya munthu ukugwirizana nawo kaya ayi, ndipo otsutsana nawo ndi ambiri, mphamvu zawo zidachokera pa kudziwa ndondomeko. Mayi wokwiya amene sanakonzekere, mphindi zitatuzo zimamuthera akadali pa malonje.

Gulu lomwelo lidaonetsanso mmene cholembera chimagwetsera anthu. Mu 2023 nthambi yake ina ku Indiana idaika mawu a Adolf Hitler patsamba loyamba la kalata yake ya nkhani. Wapampando adapepesa, koma mbiri idali itafika kale dziko lonse, ndipo amayi a nthambi zina omwe sadaione n'komwe kalatayo adasenza nawo manyazi. Ukakhala pampando, chilichonse chotuluka m'dzina la gulu chiziyamba chadutsa m'maso a anthu awiri. Wina akabwera ndi chithunzi cha tsamba limodzi la buku kuti "taonani zimene akuphunzitsa ana athu", mufunse buku lonse, mufunse ngati lilidi pasukulupo. Kenako pita kwa mphunzitsiyo, ugogode, mulankhule awiri. Nayenso ali ndi ana amene amawerenga zimene mumalemba. Gulu lophunzitsa ulemu likamatukwana mphunzitsi pa Facebook, ana anu omwe ndi oyamba kuona.

Andale nawo adzabwera, makamaka chisankho chikayandikira. Adzakutchulani amayi a fuko, adzapempha mndandanda wa manambala a mamembala. Mndandandawo si wako. Amayiwo adakupatsa manambala kuti uziwaitanira misonkhano, basi.

Tsopano bambo aja. Padali mayi wina wotchuka, Phyllis Schlafly, amene mu 1972 adayambitsa kampeni yokana kusintha kwa malamulo aakulu a dziko la America kotchedwa ERA, komwe kunkafuna kuti amuna ndi akazi akhale ndi ufulu wofanana pamalamulo. Pankafunika zigawo 38 za dzikolo kuti zivomereze, koma zidathera pa 35, ndipo nthawi yovomerezera idatha mu 1982. Asilikali ake adali amayi apakhomo, amene ankapita kunyumba za malamulo atanyamula buledi ndi jamu zopanga okha kukapatsa aphungu. Iye adali ndi ana asanu ndi mmodzi, ndipo ankakonda kuyamba zolankhula zake pothokoza mwamuna wake Fred chifukwa chomulola kubwera. Amayi ambiri amamutenga ngati chitsanzo, koma amaiwala kuti Fred adali loya wopeza bwino, ndipo pakhomo padali omuthandiza. Otsutsa ake ankamunena kuti akuuza amayi kukhala pakhomo iye ali paulendo. Iwe adzakunena chimodzimodzi, ndipo woyamba kunena adzakhala mwana wako wamkulu, tsiku limene udzaphonye zochitika zake kusukulu chifukwa unali kumsonkhano wokambirana za sukulu yomweyo.

Mapanga awiri avumbwitsa, koma sindikuti ukane. Mayi amene amangoti za gulu n'za ena, tsiku lina amadzapeza kuti ena aja amusankhira kale zonse. Ndikuti mwamuna wako umufunse bwinobwino, ana atagona, osati uli pakhomo ndi chikwama m'manja. Nkhope yakugwa nthawi zambiri imakhala ikufunsa kuti madzulo angati pasabata, nanga khandali akhala nalo ndani, nanga dzina lathu likayamba kutchulidwa ndi anthu okwiya titani. Muyankhe ndi manambala. Akanena kuti madzulo amodzi pasabata, ulembe, ndipo gulu ukaliuze usanavomere.

Ukavomera, pempha zinthu ziwiri zilembedwe m'maminitsi: udindo ndi wa chaka chimodzi, ndipo akupatse wachiwiri amene amagwiradi ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Nthawi ya chakudya chamadzulo foni izikhala kuchipinda. Ine ndidakhalapo msungichuma wa kagulu kena zaka zinayi chifukwa palibe adalemba tsiku lotulira, ndipo ndidachoka ndi adani awiri ndi kope lodzaza ngongole za anthu.

Undilemberenso ukaiona foni ya mayi uja.