Buledi ya macheka ikumaduka podula mlombwa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake buledi (kachitsulo kopyapyala ka mano) ya scroll saw, makina ochekera zokhotakhota pa thabwa, ikumaduka pafupipafupi mukamadula zilembo pa mlombwa, m'mbali n'kumada ngati mwapsa.

Choyamba onani kakungidwe kake. Buledi yolefuka imapindika mkati mwa thabwa, ndipo siichedwa kuduka. Ikungeni mpaka mukaigunda ndi chala izilira mokweza, ndipo mukaikankhira pambali isapitirire mamilimita 3. Mano ayang'ane pansi.

Koma ine ndikukayikira kwambiri dzanja. Mlombwa ndi wolimba, sufuna kuukankha monga timachitira ndi paini. Lolani mano adye okha. Pa thabwa lokhuthala ikani buledi ya nambala 7 kapena 9, makamaka ya mano otalikirana, kuti utuchi uzituluka. Utuchi ukaunjikana, buledi imatentha, thabwa n'kupsa. Matani tepi yoonekera mkati yomatira makatoni pamwamba pa chojambula chanu, imathandiza buledi kuterera.

Kuno ku Nchalo ndi ku Bangula, dzuwa la mu Okutobala limang'amba thabwa lopyapyala, choncho musaumitse padzuwa. Sanjani pamthunzi, timitengo pakati, mpweya uzidutsa. Ndipo chonde, valani chotchinga pamphuno, fumbi limeneli limalowa m'chifuwa.