Musanapite kwa ahedi kukachotsetsa bukulo, liwerengeni kaye

"Alangizi, mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 pa sekondale yogonera komweko. Pa holide wabwera ndi buku la nkhani la Chingerezi limene wabwereka ku laibulale ya pasukulupo. Nditatsegula ndinapeza tsamba lina likukamba za mtsikana amene anapatsidwa mimba ndi bambo wachikulire. Ndinalilanda pomwepo. Pa gulu lathu la makolo la pa WhatsApp anzanga akuti ku America makolo akuchotsetsa mabuku otere m'masukulu, ndiye tikufuna kupita kwa ahedi. Mwanayu ndikufuna adzakhale loya, asasokonezeke mutu. Tiyambire pati?"

Mayi, makalata otere amandipeza pafupifupi holide iliyonse. Kholo laona tsamba limodzi, mtima uli m'mwamba, buku lalandidwa. Ndikufunseni: mwaliwerenga mpaka kumapeto? Simunandiuze kuti mtsikana wa m'nkhaniyo zinamuthera bwanji, kaya anabwerera kusukulu, kaya bambo uja anamangidwa. Mukufuna kumemeza makolo, kukwera minibasi mpaka ku ofesi ya ahedi, pa ndiwo zimene mwangolawa msuzi wokha.

Zimene akukuuzani za ku America n'zoona, koma akusiyirani zina. Bungwe la olemba la PEN America linawerengera kuti m'chaka cha sukulu cha 2023 mpaka 2024 mabuku anachotsedwa m'masukulu a boma maulendo opitirira 10,000, ambiri mwa iwo m'zigawo ziwiri zokha, Florida ndi Iowa, kumene malamulo atsopano anakhazikitsidwa mu 2023. Musaganize kuti makolo onse anadzukira limodzi. Nyuzipepala ya Washington Post itafufuza madandaulo opitirira 1,000 a chaka cha 2021 mpaka 2022, inapeza kuti oposa theka analembedwa ndi anthu 11 okha. Anthu 11 kusankhira ana a eni zoti awerenge! Ku Escambia County, ku Florida komweko, akuluakulu a masukulu poopa lamulo anatsitsa m'mashelefu mabuku opitirira 1,600 kuti akaunikidwe, ngakhale madikishonale amene. Ku McMinn County, ku Tennessee, mu Januwale 2022 komiti ya masukulu inachotsa pa silabasi buku la Art Spiegelman lotchedwa Maus, lofotokoza za kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Hitler, ati chifukwa cha mawu angapo otukwana ndi chithunzi chimodzi chojambula pamanja cha mayi wosavala. Patangopita masiku ochepa bukulo linali m'gulu la ogulidwa kwambiri pa Amazon, sitolo yaikulu ya pa intaneti. Inu ndinu mayi, mukudziwa zimene mwana amachita mukamuuza kuti mphika uwu asavundukule.

Khothi lalikulu la dzikolo mu Juni 2025 linaima ndi makolo a ku Maryland amene ankafuna kuti ana awo azituluka m'kalasi pakamawerengedwa mabuku owombana ndi chipembedzo chawo. Mvetsani bwino pamenepa: ana awo. Khothilo silinalamule kuti mabukuwo achoke kwa ana a anthu ena. Malire amene ine ndimakhulupirira ndi omwewa. Pa mwana wanu muli ndi mawu. Pa mwana wa mayi wina amene simunamuonepo, mulibe.

Ifenso njirayi tinaiyendapo. Lamulo la 1968 linakhazikitsa Censorship Board, bungwe la boma lounika ndi kuletsa mabuku ndi mafilimu, ndipo ndakatulo za Jack Mapanje zinachotsedwa m'masukulu ndi m'mashopu a mabuku mu 1985, mwini wake n'kukatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera m'khothi. Amene tinakula nthawi imeneyo timadziwa kuti dzanja lochotsa mabuku likazolowera silithera pa buku limodzi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kuno mabuku ndi osowa kale. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, laibulale inali kabati imodzi mu sitafurumu, kiyi ali m'thumba la mphunzitsi mmodzi. Tsiku limene tinaitsegula tinapeza chiswe chitaboola mabuku a m'shelefu ya pansi kuyambira chikuto mpaka chikuto, pamene m'kalasi ana asanu ankapanikizana mitu pa buku limodzi. Sukulu ya mwana wanu ikubwereketsa mabuku mpaka pa holide, ndiye inu mukufuna kukaichepetsera ochepa omwewo?

Nkhani ya mimbayo mwana wanu sanaimve koyamba m'buku ayi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali oyembekezera. Wa Fomu 3 aliyense ali ndi mnzake amene anasiyira sukulu panjira, ndipo akudziwa amene anachititsa. Ngati mwanayo amagwira foni, zolaula zenizeni zili mmenemo, zopanda chiyambi, zopanda mathero, zopanda amene wavutika nazo. Buku labwino limaonetsa mtsikana akunyengedwa ndi ndalama ya sopo, kenako n'kumutsatira mpaka pamene akulira yekha. Ndi zomwe anamkungwi ndi azakhali ankachita pa mphasa. Kusiyana kwake n'kwakuti pano zalembedwa.

Za uloya ndikuuzeni mosapsatira. Mwalemba kuti "ndikufuna adzakhale loya", koma m'kalata monsemo mulibe pamene mwanayo walankhula. Munamufunsa? Tingoti nayenso akufunadi. Popanda kirediti ya Chingerezi pa MSCE, ku yunivesite ya boma sangasankhidweko, ngakhale masamu atakhoza motani. Kirediti imeneyi sichokera m'manotsi oloweza usiku mapazi ali m'beseni la madzi ozizira. Imachokera kwa mwana amene wawerenga masamba ambiri mpaka chiganizo cholakwika chimamumvekera cholakwika m'khutu. Ndaonapo ana anzeru akugwa pa kompozishoni chifukwa pa zaka zinayi za ku sekondale sanamalizepo buku ngakhale limodzi losakhala la mayeso. Ndipo ntchito ya loya ndi kuwerenga tsiku lonse, milandu yogwiririra ana, yolimbirana malo, yophana pachibale. Amene mukumubisira tsamba limodzi lero, mawa adzatsegula bwanji mafayilo amenewo?

Chitani izi. Tulutsani bukulo kumene mwalibisa, muliwerenge lonse, ngakhale zikutengereni mlungu. Ngati Chingerezi chake chikukuvutani, musachite manyazi: muuzeni mwanayo azikuwerengerani mutu umodzi madzulo aliwonse n'kumakufotokozerani m'Chichewa. Pamenepo ndiye akuphunzira kawiri, chifukwa kufupikitsa nkhani m'mawu akeake ndi luso lomwe MANEB imafunsa. Khalani naye pakhonde mukusenda mtedza, osati moyang'anizana ngati kupolisi. Mukafika pa tsamba lija musalalikire. Funsani: "Iwe ukanakhala mtsikanayu, bamboyu akukupatsa ndalama, ukanatani? Kusukulu kwanu zoterezi zimachitika?" Kenako khalani chete. Akayamba ndi kuseka kapena kuyang'ana pansi, mulekeni, kuona maso a nkhono n'kudekha. Makolo amene ayesa zimenezi amabwera kudzandiuza kuti amva zinthu zimene mwana sakanaziulula atafunsidwa mwachindunji: dzina la mnzake amene akuvutitsidwa, njira imene atsikana amaopa kudutsa pochokera ku pulepu.

Mabuku osayenera msinkhu wake alipo, sindikukana, makamaka pakati pa amene amabwera m'makatoni ngati mphatso popanda wowasankha. Mukamaliza kuwerenga n'kuona kuti ili ndi limodzi mwa amenewo, pitani nokha kwa mphunzitsi wa Chingerezi, buku lili m'manja, masamba mutawapinda. Pemphani kuti mwina lizibwerekedwa kwa a Fomu 4 okha, kapena kuti mwana wanu apatsidwe lina. Zikakanika, nkhaniyo ipite ku msonkhano wa PTA, ikakambidwe ndi anthu amene aliwerenga. Gulu la pa WhatsApp lisakutsogolereni, poti mwa onse akufuulawo ndikukayika ngati alipo amene waligwirapo.

Komabe ndikuyamikeni pa chimodzi, munatsegula chikwama n'kuona chimene mwana akuwerenga. Ambiri amangofunsa malipoti basi. Ndipo mtsikana amene pa holide wanyamula buku mwa kufuna kwake ndi amene aphunzitsi timamusakasaka. Mukamulembetsenso ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi, azibwereka ena. Buku mwalandalo mumubwezere sukulu isanatsegulidwe, chifukwa likapanda kubwerera ku laibulale amene adzalipitsidwe ndi iyeyo.