Mwana akufuna kupita ku Joni ndi sukulu, bambo ake akukana

Funso: Aphungu, mwana wanga wamkazi wa zaka 16 ali Fomu 3 pa sukulu ina yapulaiveti muno mu Blantyre. Sukuluyo yakonza ulendo wa masiku 7 wopita ku Johannesburg pa basi holide ikubwerayi, ndipo ndalama yomwe atiuza ikuposa fizi ya teremu yathunthu. Mwanayu sanagonepo kutali ndi ine kupatula kwa agogo ake. Bambo ake akukanitsitsa, akuti ku Joni n'koopsa. Ine mtima uli pawiri, ndipo mwana wayamba kutinyanyalira. Ndichite bwanji? (Mayi wa ku Blantyre)

Yankho: Zikomo mayi chifukwa cholemba. Bambo a mwanayu asaoneke ngati ouma mtima. Johannesburg ndi mzinda wodziwika ndi umbanda, ndipo Amalawi sitinaiwale ziwawa zothamangitsa alendo za mu 2008, 2015 ndi 2019. Mu 2015 boma lathu linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Koma ana asukulu oyenda pagulu, ogona malo amodzi ndi aphunzitsi awo, sakhala moyo wa munthu wochita lendi m'komboni kapena wogulitsa malonda mumsewu. Chimene chidzasunge kapena kutaya mwana wanu pa masiku 7 amenewo ndi anthu omutengawo ndi dongosolo lawo. Ndiye mkangano uchoke pabalaza panu, upite ku ofesi ya a hedi, ndipo mupite nonse awiri.

Mukafika kumeneko, yambani ndi za usiku. Makalata a sukulu amakonda kufotokoza malo okongola omwe ana akaone masana, koma mavuto ambiri a achinyamata amachitika dzuwa litalowa. Akagona kuti? Akupatseni dzina lenileni la malowo ndi nambala yake ya foni kuti muimbe nokha. Aphunzitsi akupita angati, ndipo aakazi ndi angati? Ngati atsikana ali 20 koma mayi wowayang'anira ndi mmodzi, tsiku limene mayiyo adzaperekeze wodwala kuchipatala otsalawo adzakhala ndi ndani? Funsaninso ngati aphunzitsi amaloledwa kumwa mowa pa ulendowu. Ndi funso lochititsa manyazi kufunsa, koma safunsa anadya phula.

Pali nkhani ina imene makolo a kuno sitiiganizira, chonsecho ndi yathuyathu. Pafupifupi banja lililonse lili ndi mbale ku Joni. Gulu likangofika, mafoni amayamba kulira: amalume akufuna kudzatenga mwana kuti akagone kwawo ku Tembisa, "msuweni" wina yemwe anadziwana naye pa Facebook akufuna amugulire nsapato. Sukulu ikhale ndi lamulo lolembedwa loti palibe amene angachotse mwana pagulu popanda kalata ya makolo, ndipo achibale azibwera kudzamuona pomwe pali aphunzitsi. Pobwerera, achibale omwewo amapatsira ana timaphukusi toti akapereke kumudzi. Muuzeni mwana wanu momveka kuti asanyamule katundu wa munthu aliyense amene iye sanamuone m'kati. Pa boda, mwini wa chikwama ndi amene wachigwira.

Za msewu nazo muzimvetse. Njira yodziwika kuchokera ku Blantyre ndi ya ku Mwanza, kulowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kenako Beitbridge. Maboda ndi atatu, ndipo ulendo umaposa usana ndi usiku. Pa Beitbridge pokha anthu amatha kuima maola ambiri, makamaka nyengo ya Khirisimasi. Mukawerengera kupita ndi kubwera, pafupifupi masiku atatu mwa 7 aja athera m'basi. Choncho funsani kampani ya basiyo, ngati madalaivala ali awiri osinthana, komanso amene adzasunge mapasipoti ndi kuwerenga ana nthawi iliyonse akatsika. Ngati ulendowu uli wa mu Julayi kapena Ogasiti, mwana atenge zovala zamphepo zenizeni, chifukwa usiku wa ku Johannesburg nthawi imeneyo umazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu.

Mapepala si ovuta ngati mwayamba msanga. Mmalawi safunika viza polowa ku South Africa ngati sakhalako kuposa masiku 30, ndipo ku Mozambique ndi ku Zimbabwe amadutsanso popanda viza. Chofunika ndi pasipoti, ndipo musadikire mwezi womaliza: kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo, ambiri anataya maulendo awo. Poti mwana wakwanitsa zaka 16, akuyenera kukhala ndi chitupa cha unzika cha ku NRB. Dziko la South Africa linakhwimitsa malamulo a ana odutsa m'malire mu 2015 pofuna kuthana ndi kuzembetsa ana, kenako linawafewetsako mu 2019. Ngakhale zili choncho, mwana woyenda popanda makolo ake anyamule kalata yake ya kubadwa, makope a zitupa zanu, ndi kalata yomuloleza yosainidwa ndi makolo onse awiri, makamaka pamaso pa loya kapena majisitireti. Mwaona apa mayi kuti nkhaniyi simungaiyendetse mozembera bambo. Dzanja lawo likufunika papepala.

Inshulansi ya chipatala musaisiye. Zipatala zapulaiveti kumeneko nthawi zambiri zimafuna ndalama kapena umboni wa inshulansi zisanagoneke wodwala, ndipo sikimu yachipatala ya kuntchito kwanu mwina imathera pa Mwanza. Ngati mwana ali ndi mphumu, khunyu kapena amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, mphunzitsi mmodzi adziwe, mankhwalawo ayende ndi kalata ya dokotala.

Tsopano za ndalama, pomwe ine ndimaumapo mtima. Basi, malo ogona ndi matikiti olowera m'malo osiyanasiyana amalipiridwa mu randi kapena madola, pomwe inu mumalandira makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zoterezi zikachitika pakati pa dipoziti ndi tsiku lonyamuka, sukulu imabwerera kwa makolo kuti awonjezere. Afunseni ngati mtengo womwe akupatsaniwo ndi womaliza, zimene ukuphatikiza, komanso ndalama zimene zingabwezedwe ulendo ukalephereka kapena mwana akadwala. Nthawi zambiri mipando ya aphunzitsi imalipiridwa ndi makolo. Palibe cholakwika, akupita kukagwira ntchito, koma zinenedwe poyera. Lipirani ku akaunti ya sukulu ndipo mulandire lisiti. Musatumize ku Airtel Money kapena Mpamba ya mphunzitsi, ngakhale akhale wa mpingo wanu.

Ngati ndalamayi ikufuna katapila, ngongole ya banki m'khonde imene idzakusowetseni tulo, kapena kudya fizi ya Fomu 4, yankho langa ndi lakuti ayi. Chaka chamawa mwanayu akulemba MSCE. Kukubwera ndalama ya mayeso ya ku MANEB, mabuku, mwina ndi maphunziro apadera a pa holide. Posankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, a NCHE amayang'ana mmene munthu wakhozera MSCE, chidindo cha pa Beitbridge sichiwonjezera kanthu. Ndaonapo makolo akuopa kuti mwana akatsala ndiye kuti watsalira pa maphunziro. Sizoona. Adzadandaula anzake akamaonetsana zithunzi, koma teremu ikamatha nkhaniyo idzakhala itazirala.

Koma ngati ndalama ilipo popanda kupweteka ena m'nyumbamo, ulendo wokonzedwa bwino uli ndi phindu lenileni, ndipo mungaudziwe poona ndandanda ya malo. Ku Soweto kuli chikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata amene anaphedwa pa 16 Juni 1976 pamene ana asukulu anaguba kukana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans. Mtsikana wa zaka 16 akaimirira pamenepo amazindikira kuti oguba aja anali amsinkhu wake. Kuli Apartheid Museum, nyumba yosungira mbiri ya ulamuliro wa tsankho, kuli Constitution Hill, ndende yakale imene pano pali khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Wokonda sayansi angapindule ndi Sci-Bono Discovery Centre ku Newtown, kapena kuyenda m'kati mwa yunivesite ya Wits n'kuona ndi maso kumene madokotala ndi mainjiniya amaphunzirira. Ngakhale Gold Reef City, komwe ana amakonda chifukwa cha zokwerakwera, inamangidwa pa mgodi wakale wa golide. Mphunzitsi wanzeru adzawakumbutsa kuti agogo awo ambiri anatsika m'maenje ngati amenewo kudzera ku Wenela ndi Theba, mabungwe omwe ankalemba anthu ntchito za m'migodi. Koma ndandanda ikangodzaza ndi Sandton City ndi mamolo ena, umenewo ndi ulendo wokagula zinthu, ndipo fizi ya teremu yathunthu ndi yambiri pa zimenezo.

Za mwana mwiniwake ndinu amene mukumudziwa. Kusagonapo kunja si chifukwa chomuletsera, pakuti zaka ziwiri zikubwerazi akhoza kukhala ku koleji ku Mzuzu kapena ku Zomba popanda womuyang'anira. Onani zina: mukamupatsa ndalama ya sabata imafika Lachisanu? Akachedwa amaimba foni? Anzake akamukokera kolakwika amatha kukana? Kunyanyala kwakeko mumuuze kuti sikukumuthandiza. Mumutume yekha akatenge ndandanda ya ulendo, awerengetse mtengo wa pasipoti ndi ndalama ya m'thumba, kenako adzafotokozere bambo ake mwaulemu atakhala pansi. Mmene adzachitire zimenezi mudzaphunzirapo zambiri za iye.

Zonse zimene a hedi ayankhe zikhale zolembedwa, ndipo ngati n'kotheka zifunsidwe pa msonkhano wa makolo kuti ena amve nawo. Bambo akamva mayankho okhutiritsa, ndalama ilipo, muloleni apite, atalemba papepala nambala zanu, ya mphunzitsi ndi ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria, poti foni imatha kubedwa kapena kutha moto. Koma tsiku la dipoziti likafika sukulu isanatchule dzina la malo ogona, kampani ya basi ndi mayina a aphunzitsi opita nawo, musalipire.