Kabotolo kaja musakatsegule, achemwali

Achemwali, ndawerenga uthenga wanu wofunsa za njerewere za kumaliseche, thupi lachita kuzizira. Kabotolo ka pamsika kamene akuuzani kuti mugule ndikukadziwa, mankhwala ake abulawuni omata ngati phula, dzina lake podophyllin. Za agogo odula ndi lezala ndikuzidziwanso. Ine ndinadutsa konseko ndi njerewere zomwezi za kumaliseche, zimene kwathu amati likango, ena n'kumati mauka.

Apongozi ndi amene anayamba kunditengera kwa agogo ena cha ku Domue. Anandigoneka pamphasa kuseri kwa nyumba, anadula, anapaka phulusa. Isanathe milungu itatu zinamera zochuluka kuposa kale, pakuti kachilombo kake kamakhala m'khungu lozungulira lonse, lezala imangochotsa zooneka pamwamba.

Ndiye ndinapita kwa bambo wina wogulitsa mankhwala pamsika ku Ulongwe. Munthu ameneyo mpaka lero ndikamuona ndimakhota njira. Analandira 200 meticais yanga akuseka, akuti "pakani madzulo, mawa mupeza zayoyoka." Sanandiuze kuti mankhwalawo amayenera kupakidwa ndi anesi, kadontho pa njerewere pokhapokha, khungu la m'mbali atalitchinga ndi Vaseline. Sanandiuze kuti amasambidwa maola 4 asanakwane, ndiponso ndi kamodzi pa mlungu. Ine ndinapaka ndi chala ngati mafuta odzola, paliponse, ndikugona. Tambala woyamba asanalire ndinadzuka ngati munthu wandithira tsabola wa kambuzi pachilonda. Nditaunika ndi tochi ya foni khungu linali litatuwa, lotupa, pena likusendeka. Kukodza ndiye kunali imfa. Ndinkatenga beseni la madzi, kukhalamo, kukodzera momwemo nditaluma chitenje kuti ana asamve kuti mayi awo akulira. Masiku anayi ndikuyenda motang'aza, panti osavala. Mu chapa, minibasi ija, ndinakhala chammbali njira yonse, nditatsamira thumba la mbatata ya kachewere la munthu wina, galimoto ikagunda dzenje misozi yokha ikutsika.

Bambo a kunyumba m'malo mondigwira dzanja anangoti "wazitenga kuti zimenezi?" n'kusamutsa bulangete lawo. Pa kachipatala koyamba namwino anandikalipira chitseko chili chotsegula, mzere wonse wa amayi a sikelo ukumva: "Mumayamba mwadziotcha kenako muzitivutitsa ife!" Ndinatuluka osalandira kanthu. Pamenepo sindidzapondanso.

Anandithandiza ndi anesi ena kwina, mayi wofatsa. Anayamba andiyeza magazi, HIV ndi chindoko, chifukwa chindoko nachonso chimatulutsa zotupa zofanana ndi njerewerezi koma mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin. Ndipo munthu amene chitetezo chake chatsika njerewere zimakula kwambiri ndi kubwerabwera. Anandifotokozera kuti kachilombo koyambitsa njerewerezi ndi HPV, kawirikawiri mtundu wa 6 ndi 11, osati 16 ndi 18 imene imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, komabe anandiyeza khomolo ndi viniga woyezera khansa uja. Mawu amene anandichiritsa mtima ndi akuti kachilomboka kamatha kubisala miyezi yambiri kasanaonekere, mwamuna n'kukhala nako osatuluka kanthu. Ndiye wabweretsa ndani, palibe angaloze chala.

Zilonda zitapola anayamba kundidontheza asidi wotchedwa TCA, kamodzi pa mlungu. Amaluma mphindi zochepa, njerewere imayera, kenako imafota n'kugwa. Ameneyu anesi amapaka ngakhale kwa mayi woyembekezera, pamene podophyllin woyembekezera saloledwa n'komwe, amatha kuvulaza mwana m'mimba. Ziwiri zazikulu zinakana, anandilembera kalata yopita ku Tete. Kumeneko anabaya jakisoni wa dzanzi n'kuziotcha ndi magetsi tsiku limodzi basi, chovuta chinali ndalama yoyendera ndi kutentha kwa kuchigwa kuja uli ndi chilonda. Kwina amaziumitsa ndi nitrogen wozizira kwambiri, pamatuluka thuza kenako zimagwa, koma umabwereza kangapo. Palinso kirimu wa imiquimod wodzipaka wekha usiku katatu pa mlungu n'kusamba m'mawa, mpaka milungu 16, ngwodula ndipo safuna munthu wopupuluma. Kwa ine TCA ndiye anali bwino pa zing'onozing'ono, magetsi pa zazikulu. Dziwaninso kuti palibe mwa zonsezi chimene chimapha kachilomboko, thupi lokha ndilo limakagonjetsa pang'onopang'ono. Zanga zinabwerera kamodzi mwezi wachitatu, tinapakanso, tsopano papita zaka.

Pitani ku centro, kuchipatala, achemwali. Inde ine anandinyoza, koma pitanibe, akakukalipirani mezani malovu mulandire thandizo, kapena mukwere chapa mupite kwina monga ndinachitira ine. Podophyllin yemweyo akakhala m'manja mwa anesi amagwira ntchito bwinobwino, akakupatsani musathawe chifukwa cha nkhani yangayi. Amuna anu auzeni, ngakhale anga ndinawauza n'kundisala mwezi wathunthu, auzenibe akawaone nawonso, ndipo mugwiritse makondomu mpaka zitatha. Musamete pamenepo ndi lezala, zimafalikira. Amene muli ndi ana aakazi, katemera wa HPV anayamba kuperekedwa muno mu Mozambique mu 2021 kwa atsikana a zaka 9, wanga ndinamuperekeza ndekha.

Ngati mwapaka kale usiku uno, siyani foniyo, kasambeni ndi sopo ndi madzi ambiri pompano, musadikire kuti kuche.